Makilatchi awiri kapena manyuwo: giyabokosi iti ikuyenera galimoto yaliwiro?

Pamene kampani ya Porsche inatulutsa 911 GT3 yatsopano mu 2013, inaiika giyabokosi yamtundu umodzi wokha, ya makilatchi awiri imene iwo amaitcha PDK, ndipo anthu ozolowera kusintha magiya ndi dzanja sanapatsidwe mwayi wosankha. Kwa akatswiri opanga galimotoyo nkhaniyi inalibe vuto, chifukwa inkathamanga kuposa inzake yakale, koma ogula anadandaula kwambiri moti mu 2016 kampaniyo inapanga 911 R ya manyuwo ya magiya 6. Anapanga magalimoto 991 okha, onse anagulidwa msanga, ndipo ena ankagulitsidwanso pa mtengo wokwera kuposa umene eni ake anagulira. Mu 2017 manyuwo inabwereranso mu GT3. Ndayamba ndi galimoto imeneyi chifukwa ndi imodzi mwa zochepa zimene munthu angazipeze ndi magiyabokosi onse awiri, injini ili yomweyo, motero tikaziyerekeza timaona kusiyana kwa giyabokosi yokha.

GT3 ya 2017 ili ndi injini ya malita 4 ya mahosipawa 500, imene imazungulira mpaka maulendo 9,000 pa mphindi. Malinga ndi ziwerengero za Porsche, ya PDK imafika pa liwiro la makilomita 100 pa ola m'masekondi 3.4 kuchokera poima, pamene ya manyuwo imatenga masekondi 3.9. Ya manyuwo imapambana pang'ono pa liwiro lomaliza, makilomita 320 pa ola pamene inzake imalekeza pa 318, ndiponso ndi yopepuka ndi makilogalamu pafupifupi 17. Makilomita awiri amenewo palibe amene adzawamve m'thupi, koma theka la sekondi lija limamveka bwino lomwe, ndipo limachokera m'mapangidwe a giyabokosiyo.

Giyabokosi ya makilatchi awiri tingaitenge ngati magiyabokosi awiri a manyuwo otsekeredwa m'chibokosi chimodzi. Kilatchi yoyamba imayendetsa shafti ya magiya 1, 3, 5 ndi 7, yachiwiri imayendetsa shafti ya magiya 2, 4 ndi 6, ndipo shafti ina ndi yamphako kuti inzake idutse m'kati mwake. Galimoto ikamathamanga pa giya yachitatu, kompyuta imakhala itaika kale giya yachinayi pa shafti inayo, imene kilatchi yake ndi yotsekula. Nthawi yosintha ikakwana, kilatchi ina imasiya pamene inzake ikugwira, mwakuti mphamvu ya injini siduka kumatayala. Pa manyuwo zimenezi sizitheka, pakuti woyendetsa ayenera kuponda kilatchi, kuchotsa giya, kuika ina ndi kubweza phazi, ndipo nthawi yonseyi galimoto ikungoyendera liwiro limene inali nalo kale. Pa liwiro la makilomita 200 pa ola galimoto imayenda mamita oposa 55 pa sekondi imodzi, choncho munthu amene watenga theka la sekondi posintha giya wayenda mamita pafupifupi 28 injini isakukankha.

Nzeruyi si yatsopano ayi. Katswiri wa ku France, Adolphe Kégresse, anaiganizira m'zaka za m'ma 1930, ndipo Porsche inaiyesa m'magalimoto ake a mpikisano a 956 ndi 962 m'zaka za m'ma 1980, koma inadikira makompyuta ang'onoang'ono otha kuwongolera makilatchi awiriwo mosagwedeza galimoto. Inafika kwa ogula wamba mu 2003 mu Volkswagen Golf R32. Kuchokera pamenepo zinthu zinayenda mofulumira: Bugatti Veyron mu 2005, Nissan GT-R mu 2007, Porsche 911 mu 2008, kenako Ferrari 458 Italia mu 2009, imene sinapangidwe n'komwe ya manyuwo. Ngakhale Chevrolet Corvette, imene kwa zaka zambiri inkadziwika ndi manyuwo, inabwera mu 2020 ndi giyabokosi ya makilatchi awiri ya magiya 8 basi.

Ubwino wina wa makilatchi awiri, umene ndimauona kuti ndi waukulu kuposa liwiro lenilenilo, ndi wakuti manja onse awiri sachoka pa chiwongolero. Woyendetsa amasintha magiya ndi zala pokoka tizitsulo tili kuseri kwa chiwongolero, ndipo angathe kutero ali pakati pa kona galimoto osagwedezeka. Kompyuta imakananso kuika giya imene ingawononge injini. Pa manyuwo, munthu amene ali pa giya yachisanu akafuna yachinayi n'kulowetsa yachiwiri mwangozi, matayala amakakamiza injini kuzungulira kupitirira malire ake, chipangizo choletsa injini kuthamangitsa sichingathandize chifukwa si mafuta amene akuizunguza, ndipo mavavu amatha kugundana ndi mapisitoni. Kulakwitsa kwa kamphindi kotereku kumatha kudya injini yathunthu.

Nanga ngati zili choncho, n'chifukwa chiyani anthu anaumirira kuti manyuwo ibwerere? Yankho limapezeka pa kona. Tiyerekeze kuti mukuyandikira kona yokhota kwambiri muli pa giya yachinayi. Phazi lamanja likuponda buleki ndi mbali ya chala chachikulu, lamanzere likuponda kilatchi, dzanja likukankha giya kupita pa yachitatu, ndipo m'kanthawi komweko m'mphepete mwa phazi lamanja lija mukugunda pang'ono chopondera moto, buleki osaisiya, kuti injini ikwere kufika pa liwiro limene giya yachitatu ikufuna. Mukalondola, kilatchi imagwira popanda kugwedeza kulikonse, phokoso la injini lokha ndi limene limasintha. Mukaperewera, matayala akumbuyo amakoka mwadzidzidzi ndipo galimoto imagwedeza mutu, ngati msewu uli wonyowa imathanso kuterereka. Luso limeneli limatenga miyezi kuliphunzira, ndipo ngakhale amene analizolowera salondola nthawi zonse. Amene amakonda manyuwo amakondera zomwezi, kuti kona iliyonse imawafunsa funso limene angayankhe bwino kapena molakwika. Giyabokosi ya makilatchi awiri imachita zonsezi yokha, imalondola ulendo uliwonse, ndipo woyendetsa sakhala ndi gawo lililonse pa kulondolako.

Apa pali mfundo imene oyerekeza ambiri amaidumpha. Theka la sekondi lija lili ndi ntchito pabwalo la mpikisano, pamene pali wotchi ndi anthu ofuna kukupitirirani. Pamsewu wa anthu onse, galimoto ngati GT3 imapitirira liwiro lololedwa m'maiko ambiri isanachoke pa giya yachiwiri, motero mwini wake sakhala ndi malo oonera phindu limene PDK imabweretsa. Chimene chimatsala ndi zochita za manja ndi mapazi, ndipo manyuwo imapatsa munthu zochitazo ngakhale akuyenda makilomita 60 pa ola. Opanga magalimoto anafewetsanso mbali yovutayi: kuyambira pa Nissan 370Z ya 2009, magalimoto ambiri a manyuwo amatha kukweza injini okha munthu akamatsitsa giya, ndipo pa ambiri a iwo, wofuna kudzichitira yekha amangozimitsa.

Pa mzere wa magalimoto oyenda pang'onopang'ono magiyabokosi onse awiri ali ndi chilema chake. Manyuwo ya galimoto yamphamvu imakhala ndi kilatchi yolimba, ndipo mwendo wamanzere umatopa. Ya makilatchi awiri simatopetsa munthu, koma ilibe chipangizo cha mafuta chimene chimafewetsa kanyamukidwe ka otomatiki wamba, choncho pokwawa imaterezetsa kilatchi ngati mmene munthu amachitira ndi phazi. Ikachita zimenezi nthawi yaitali, makamaka pamtunda, makilatchi amatentha, ndipo nthawi zina imanyamuka modzidzimuka poimika galimoto pamalo opanikizika. Imasokonezekanso ikaganiza molakwika: ikakhala kuti yakonza giya yokwera inu n'kuponda moto mwadzidzidzi kufuna yotsika, pamakhala kachizengerezo kamene kamamveka.

Za kukonzetsa sizifuna mawu ambiri. Manyuwo ili ndi zitsulo zochepa, makaniko ambiri amaidziwa, ndipo chimene chimatha kawirikawiri ndi mbale ya kilatchi, malinga ndi phazi la mwini wake. Ya makilatchi awiri ya m'magalimoto amphamvu imakhala ndi makilatchi osambira m'oyilo, oyiloyo ndi sefa yake ziyenera kusinthidwa pa nthawi yake, ndipo gawo lokhala ndi kompyuta, mavavu ndi masensa likawonongeka limafuna ndalama zambiri ndi makaniko wokhala ndi zida zoyenera. Wogula galimoto yogwiritsidwapo kale ntchito ayenera kufunsa mapepala osonyeza kuti oyilo wa giyabokosi ankasinthidwa.

Kwa ine malire ali pa mphamvu ya injini. Galimoto ya mahosipawa 700 yokhala ndi tebo, chipangizo chokankhira mpweya wambiri mu injini, imamaliza giya yoyamba ndi yachiwiri mofulumira kwambiri moti dzanja limakhala likuthamangira m'mbuyo mwa injini, ndipo pamenepo manyuwo imasanduka chopinga. N'zoona kuti Gordon Murray T.50 ndi Pagani Utopia zili ndi manyuwo ngakhale ndi zamphamvu kwambiri, koma zimenezi zimapangidwa zochepa, za anthu ogula mwadala kuti azisintha okha magiya. BMW nayo pa M3 ya 2020 inapereka manyuwo pa injini ya mahosipawa 480 yokha, pamene ya 510 inabwera ndi otomatiki wamba ya magiya 8 ya kampani ya ZF, giyabokosi ya makilatchi awiri ya M3 yakale itasiyidwa. Koma pa galimoto yopepuka ya mahosipawa 300 mpaka 500, makamaka yopanda tebo, imene mphamvu yake imakwera pang'onopang'ono injini ikamazungulira kwambiri, ndingasankhe manyuwo, pokhapokha ngati galimotoyo ikakhala yopita kubwalo la mpikisano mwezi ndi mwezi kapena yoyendera kuntchito tsiku lililonse m'misewu yodzadza.