Atorvastatin: mafuta atsika, koma Pinotage ndinamusiya miyezi iwiri

Ndimagwira ntchito yoperekera zakudya ndi vinyo pa lesitilanti ina kunja pang'ono kwa Stellenbosch ku South Africa, ndipo chino ndi chaka chakhumi chichokereni kwathu ku Dedza. Ife a ntchito imeneyi timadyera lilime. Mlendo akakayikira botolo, amene amanunkhiza ndi kulawa ndine, kenako ndinene ngati vinyoyo ali bwino kapena abwerere. Choncho mapiritsi amene akhudza lilime langa akhudzanso malipiro anga.

Adokotala anandilembera atorvastatin wa 20 mg atapeza kuti kolesiterolo, mafuta a m'magazi aja, wafika pa 7.1. Bambo anga anafa ziwalo mbali imodzi asanakwanitse zaka 60, ndipo ndinawaona akudyetsedwa phala ndi sipuni. Sindinatsutse chilichonse. Piritsilo ndi laling'ono, losavuta kumeza, kamodzi patsiku. Silikakamiza kumwa usiku ngati simvastatin, mankhwala ena otsitsa mafuta, koma ine ndinasankha usiku ndikaweruka kuti ndisamaiwale.

Sabata yachitatu ndi pamene zinayamba. Mlendo anaitanitsa Pinotage, vinyo wofiira amene anthu akuno amamunyadira chifukwa mphesa yake inabadwira ku Stellenbosch konkuno mu 1925, pamene Abraham Perold anakwatitsa Pinot noir ndi Cinsaut. Vinyo ameneyu ndimamudziwa ngati njira ya kumunda. Fungo linali lomwe lija, la zipatso zakupsa ndi kautsi pang'ono. Koma nditalawa, mkamwa munabwera kukoma kwa chitsulo, ngati ndamumunya msomali wadzimbiri, ndipo kuuma kuja kumene vinyo wofiira amasiya pa lilime, konga kwa nthochi yosapsa, kunakula mpaka kuphimba zina zonse. Ndinali pafupi kulibweza botololo. Mnzanga wa ku Mangochi amene timagwira limodzi analawa n'kundinong'oneza kuti, "Achimwene, vinyoyu alibe vuto. Mwadya chiyani lero?"

Ndinayamba kudziyesa ndekha. Chenin blanc, vinyo woyera, wozizira ankamvekabe pafupifupi mmene ndimamudziwira, kuwawasa kwake kuli pamalo. Vinyo wotsekemera sanasinthe. Ofiira olemera, Cabernet Sauvignon ndi Shiraz, ndi amene anandikana. Tiyi wopanda mkaka nayenso ankasiya chitsulo chomwecho, pamene nsima ndi usipa zinali bwinobwino.

Kapepala ka m'bokosi la mankhwala kaja ambiri timangotaya. Nditakatambasula ndinapeza kuti kusintha kwa kakomedwe ka zinthu kunalembedwadi, m'gulu la zovuta zosachitika kawirikawiri, zimene zingagwere munthu mmodzi mwa anthu 100. Mayi wa ku famase kumene ndimatenga mankhwala sanathamangire kuloza chala piritsilo. Anandifunsa ngati ndikumwa metformin wa shuga kapena captopril wa kuthamanga kwa magazi, chifukwa amenewo ndi odziwika ndi kukoma kwa chitsulo. Anafunsanso za chimfine ndi za usinini, ngati ukutuluka magazi potsuka mano. Zonsezo ndinalibe. Chatsopano m'thupi mwanga chinali atorvastatin yekha.

Ndinaganizapo zongosiya mwakachetechete, ndipo ndikuthokoza kuti mayi a kunyumba anandikakamiza kubwerera kuchipatala. Adokotala sanaichepetse nkhani ya lilime, koma chimene chinkawadetsa nkhawa kwambiri chinali chiwindi. Mankhwalawa amagwira ntchito m'chiwindi, kumene amachepetsa kapangidwe ka kolesiterolo, ndipo mowa nawonso umaphwanyidwa momwemo. Anafuna kudziwa ngati polawa ndimameza kapena ndimalavula, komanso kuti ndikaweruka ndimamwa matambula angati. Anandiyeza magazi a chiwindi, anandichenjeza za madzi a manyumwa, amene amachititsa kuti atorvastatin achuluke m'magazi, n'kunena kuti tidikire kaye. Chitsulocho chikapitirira, akanandisinthira mtundu wina ngati rosuvastatin.

Miyezi iwiri imeneyo inandipweteka mumtima. Ndinkadalira mphuno, ndipo botolo lokayikitsa ndinkapatsira mnzanga uja. Kwa munthu amene waphunzira vinyo ndi ndalama zake, akulemba m'kabuku usiku uliwonse, kupempha wina kuti akulawire si chinthu chopepuka.

Chitsulocho chinayamba kuchepa chokha, pang'onopang'ono, osasintha mankhwala. Nditapita kukayezetsanso patatha miyezi itatu, kolesiterolo anali pa 4.6. Minofu sinandiwawe ngati mmene ena amadandaulira, tulo ndimagona bwino. Pa ntchito imene anandipatsira, mapiritsiwa ndikuwayamikira ndi mtima wonse, ndipo ndikumwabe. Pa lilime ndiye sindinabwerere kwenikweni pamene ndinali: Shiraz wamng'ono, wosakhalitsa m'botolo, amandisiyirabe kachitsulo kumapeto. Lachisanu lapitali tebulo la anthu asanu ndi mmodzi linaitanitsa Pinotage yemwe uja. Ndinalawa ndekha, ndinamva maula akupsa ndi kautsi kake, ndipo ndinawathirira.