Malo otchipa ku Britain: kubisala, kulima, kupita ku Wales kapena kukhala m'bwato

Lendi ya ku Britain yafika pomuganizitsa munthu zambiri. Mukaona pa intaneti munda wa maekala awiri kapena kankhalango kakugulitsidwa pa mtengo wa galimoto, mtima umathamangira ku kalavani, masola ndi thanki ya madzi a mvula. Kwathu kumudzi tinazolowera kuti amfumu akakulozerani malo, mwezi wamawa mwayamba kuumba njerwa. Kuno kukhala mwini malo sikukupatsani ufulu wogonapo. Mundawo ukutchipa chifukwa lamulo likuuona ngati munda basi. Utakhala ndi chilolezo cha khonsolo chomangira nyumba, chija amati planning permission, mtengo wake m'madera ambiri ungakwere kakhumi kapena kuposa.

Ku England ndi Wales, lamulo la Town and Country Planning Act la 1990 limafuna chilolezo pa zinthu ziwiri: kumanga, ndi kusintha ntchito ya malo. Ambiri amati kalavani ili ndi matayala, choncho si nyumba. N'zoona, koma mukayamba kugonamo tsiku ndi tsiku mwasandutsa munda kukhala pokhala anthu, ndipo kusinthako kukufuna chilolezo. Kontena, tenti yaikulu, basi yakale, kanyumba kokoka, zonsezi lamulo limaziona chimodzimodzi.

Njira imene imakambidwa kwambiri ndi yongolowa mwakachetechete n'kudikira kuti zaka zidutse. Kukhala popanda chilolezo si mlandu wopalamula poyamba. Mlandu umayamba khonsolo ikakupatsani chikalata cholamula kuti musiye kapena muchotse zomwe mwachita, chija amati enforcement notice, inu n'kuchinyozera. Chindapusa chake chilibe malire, ndipo khonsolo ili ndi mphamvu zolowa pamalopo, kugwetsa zomwe mwamanga, n'kukutumizirani bilu ya ntchitoyo. Kale ku England nyumba yomangidwa popanda chilolezo inkatetezeka pakatha zaka 4 khonsolo isanachitepo kanthu. Kuyambira pa 25 April 2024 zakazo ndi 10. Ku Wales zaka 4 zikadalipo pa nyumba yomanga, koma pa kalavani ndi 10 konsekonse.

Njirayi imadzitsutsa yokha. Kuti khonsolo ivomereze kuti zakazo zakwana, mufunika umboni woti munakhalapo mosadukiza: makalata, malisiti, msonkho wa khonsolo, mboni. Koma mukabisa dala, zakazo siziwerengedwa. Mu 2011 bwalo la Supreme Court linagamula choncho pa mlandu wa khonsolo ya Welwyn Hatfield, pomwe munthu anapempha chilolezo cha nkhokwe ya udzu koma mkati mwake n'kumanga nyumba yeniyeni. Mlimi wina wa ku Surrey anabisa nyumba yaikulu kuseri kwa mabelo a udzu ndi malona kwa zaka 4, anaivundukula mu 2006, ndipo atalimbana ndi makhoti zaka zambiri inagwetsedwa mu 2016. Kubisalako n'kovutanso: utsi wa mbaula m'mawa wa chisanu umaoneka patali, matayala amasiya njira m'matope pageti, tinjira ta anthu oyenda ndi agalu timadutsa m'minda yambiri, ndipo makhonsolo amaona zithunzi zojambulidwa m'mwamba. Kwa ife obwera pali china cholemera: mlandu wa kukhoti ungaipitse pempho lokhazikika kapena la unzika, ndipo kugula malo pakokha sikuwonjezera tsiku ngakhale limodzi pa visa. Njira iyi sitingailangize munthu aliyense.

Ena amadalira lamulo la masiku 28. Pamalo a maekala 5 kapena kuposa mutha kuimikapo makalavani osaposa atatu kwa masiku osaposa 28 pa chaka. Amene amagwira ntchito ya nyengo m'munda kapena m'nkhalango amaloledwa kugona m'kalavani pamalopo nyengoyo, ntchito ikatha n'kuichotsa. Izi n'zokwanira wofuna kopumira ndi kodula nkhuni, koma miyezi 11 yotsalayo mukhala mukulipirabe lendi kwina. Tinyumba ta m'tchire ta ku Scotland, ngati ta ku Carbeth pafupi ndi Glasgow, tili m'gulu lomweli: sitipitirira masikweya mita 30, timafunabe chilolezo, ndipo lamulo limati tikhale topitako mwa apo ndi apo.

Njira ziwiri zopezera chilolezo chenicheni pa munda wotchipa ndi ya mlimi wa ku England ndi ya One Planet Development ya ku Wales. Zimaoneka zofanana koma zimayesa zinthu zosiyana.

Ya ku England imafunsa kuti: kodi ulimi wanu ukufunadi munthu wogona pomwepo usiku? Ng'ombe ndi nkhosa zambiri zobereka, nkhuku zochuluka, mbewu za m'nyumba zotenthetsera zomwe zingafe usiku umodzi makina akazima, izi zimamveka. Masamba a panja ndi mitengo ya zipatso n'zovuta kuzitetezera, chifukwa kabichi safuna mlonda pakati pa usiku. Kuopa akuba pakokha sikukwanira. Funso lachiwiri ndi la ndalama: bizinesiyo izitha kulipira munthu mmodzi malipiro okwanira. Khonsolo ikakhutira imakonda kupereka zaka 3 za kalavani kapena nyumba yochotseka, kenako mumaonetsa mabuku a ndalama kuti mupemphe nyumba yokhazikika. Nyumbayo imabwera ndi lamulo loti azikhalamo ndi wogwira ntchito ya ulimi yekha, zomwe zimatsitsa mtengo wake pogulitsa. Mapempho amagwa kawirikawiri pa zifukwa ziwiri: ziweto n'zochepa moti khonsolo imati n'zosangalatsa chabe, kapena m'mudzi wapafupi muli nyumba yogula kapena ya lendi imene mlimiyo angakhalemo. Dziwaninso kuti munda wa mahekitala 5 umalola kumanga shedi ya zaulimi mutadziwitsa khonsolo, koma shediyo si yogonamo.

Ya ku Wales, yomwe inayamba mu 2010 kudzera mu ndondomeko ya TAN 6, sifunsa za usiku. Imafunsa ngati banja lanu lingadzidalire pa malowo pofika zaka 5. Gawo la 65 pa 100 la chakudya cha banja lichokere pamalopo: osachepera 30 pa 100 chikhale cholima nokha, chotsalacho mutha kugula ndi ndalama za zokolola zanu. Ndalama za zovala, maulendo, foni ndi intaneti, ndi msonkho wa khonsolo nazonso zichokere mu ntchito ya pamalopo, kaya ndi uchi, mazira, mbande, nsomba kapena zoluka. Amawerengeranso kulemera kwa moyo wanu pa chilengedwe: muyambire pa mahekitala a dziko lonse (muyeso wa nthaka ndi madzi ofunika kuti zipereke zonse zomwe munthu amagwiritsa ntchito) osaposa 2.4 pa munthu, mukulowera ku 1.88. Maulendo amalowa m'masamuwo, choncho banja lomwe limakwera ndege kupita ku Lilongwe kapena Lusaka chaka chilichonse liyambe lawerengera bwino. Chaka ndi chaka mumatumiza lipoti ku khonsolo, ndipo m'pempho lanu mumalemberatu momwe mudzachotsere nyumbayo mukadzalephera.

Kwa munthu wozolowera khasu, ya ku Wales ndiyo yachilungamo kwambiri, chifukwa imalola ulimi wosakaniza wa banja umene ya ku England imaunyoza. Malo ambiri otere ali ku Pembrokeshire, Carmarthenshire ndi Ceredigion, ndipo mudzi wa Lammas, womwe unapeza chilolezo mu 2009 pa maekala 76 a mabanja 9, ndi woyenera kuuphunzira musanagule kanthu. Chopweteka ndi nthaka. Malo otchipa kumeneko nthawi zambiri ndi achinyontho, a asidi, okwera, kapena oyang'ana kumpoto komwe dzuwa silifika bwino. Mukaona munda wodzaza udzu wa m'dambo, dziwani kuti madzi amaima. Kumbani dzenje lofika m'bondo mu January, mubwerenso mawa lake mudzaone ngati ladzaza. Mabanki sakonda kubwereketsa ndalama pa nyumba zoterezi, ndipo mapempho amatha kutenga nthawi yaitali. Amene visa yake ndi yomangika kwa olemba ntchito mmodzi sangasiye ntchitoyo n'kukhala mlimi, choncho njira ziwirizi zikuyenera amene mapepala ake ndi okhazikika.

Wa ntchito ya mashifiti amene akungofuna kuthawa lendi aganizire za bwato la m'ngalande. Bungwe la Canal & River Trust limayang'anira ngalande ndi mitsinje ya mamailo pafupifupi 2,000 ku England ndi Wales, ndipo limapereka chiphaso cha bwato lopanda doko lokhazikika. Chilolezo cha khonsolo sichifunika, bola musakhale pamalo amodzi kuposa masiku 14 ndipo muziyendadi ulendo weniweni. Kungobwerezabwereza pakati pa milatho iwiri kumachititsa kuti chiphaso chifupikitsidwe kapena chikanidwe. Mufunika inshuwalansi ndi satifiketi ya chitetezo cha bwato, ya Boat Safety Scheme, ya zaka 4 zilizonse. Musagule bwato lisanatulutsidwe m'madzi kuti katswiri ayeze chitsulo: ambiri amamangidwa ndi mamilimita 10 pansi ndi 6 m'mbali, ndipo dzimbiri limadya kwambiri pamzere wa madzi. Phula lakuda lipakidwe pa zaka 2 kapena 3 zilizonse. Banja la ana a sukulu njirayi imalitopetsa, chifukwa sabata zina bwato limakhala kutali ndi sukuluyo.

Kaya musankhe iti, magetsi ndiwo amakhumudwitsa ozolowera dzuwa la kwathu. Masola a kilowati imodzi kumwera kwa England amapereka mayunitsi pafupifupi 4 pa tsiku mu June, koma mu December osakwana imodzi. Kafiliji, magetsi owunikira, pampu ndi kompyuta zimadya mayunitsi pafupifupi awiri. Werengerani za December: makilowati atatu, opendekeka kwambiri moyang'ana kumwera, ndi jenereta yothandizira. Mabatire a lithium asatchajidwe kukazizira kutsika pa madigiri 0, choncho akhale m'chipinda chofunda. A asidi akamatsitsidwa kupitirira theka amafa msanga.

Madzi a mvula masamu ake ndi osavuta: milimita imodzi pa sikweya mita imodzi ndi lita imodzi. Denga la masikweya mita 40 pa mvula ya mamilimita 800 lipereka malita 32,000 pa chaka musanachotse otayika, pomwe anthu awiri ogwiritsa ntchito malita 50 aliyense pa tsiku afuna 36,500. Kumadzulo kwa Wales mvula ndi yochuluka, kum'mawa kwa England simukwanitsa. Mathanki a malita 1,000 aphimbidwe kuti ndere zisamere, madzi akumwa adutse mu sefa ndi nyali ya UV yosinthidwa chaka chilichonse, ndipo mapaipi akwiriridwe masentimita 75 kuopa kuundana. Pa chitsime kapena mtsinje, malita osaposa 20,000 pa tsiku safuna laisensi ku England ndi Wales. Chimbudzi cha kompositi chimanunkha mkodzo ukasakanikirana ndi zinazo, choncho mupatule ndipo muzithira utuchi. Mitengo mutha kudula makyubiki mita 5 pa miyezi itatu iliyonse popanda laisensi ngati siyotetezedwa, koma nkhuni ziume chaka kapena ziwiri. Pomwe pali mbaula m'kachipinda kotsekeka payenera kukhala alamu ya carbon monoxide, chifukwa mpweyawu sununkha ndipo umapha munthu ali m'tulo.

Musanapereke ndalama iliyonse, gulani chikalata cha malowo ku ofesi ya boma yosunga kaundula wa malo, HM Land Registry, ndi mapaundi ochepa chabe. Onani ngati njira yolowera ndi galimoto yalembedwamo, chifukwa geti lomwe wogulitsa wakutsegulirani likhoza kukhala la mlimi woyandikana naye. Onani ngati muli overage, pangano lopatsa wogulitsa gawo la phindu mukadzapeza chilolezo. Funsani khonsolo ngati malowo ali pansi pa Article 4, lamulo la khonsolo lomwe limatha kuchotsa ngakhale ufulu womanga mpanda, ndipo yang'anani mapu a madzi osefukira. Minda yodulidwadulidwa m'tizidutswa tambiri n'kumatsatsidwa kuti tsiku lina padzamangidwa nyumba ndiyo imene makhonsolo amaiika pansi pa Article 4 kawirikawiri, ndipo ogula ambiri amatsala ndi kachidutswa ka udzu kopanda njira yolowera.