Mukadwala mu Blantyre: chipatala chaching'ono, Queens, mishoni kapena cholipira?

Blantyre ilibe chipatala cha paboma ngati Thyolo kapena Chiradzulu. Wodwala akalephereka ku chipatala chaching'ono, amangotumizidwa ku Queens, ndiye kusankha koyambira n'kofunika.

Malungo, chifuwa, kutsegula m'mimba, sikelo ya amayi ndi ya ana, katemera, ma ARV: zonsezi pitani ku zipatala zazing'ono za boma monga ku Ndirande, Zingwangwa, Limbe, Bangwe kapena Chilomoni. N'zaulere. Musaiwale bukhu lanu la kuchipatala, chifukwa zonse zomwe munalandirapo zimalembedwa mmenemo, ndipo lawirirani mzere usanatalike. Malungo amayeza pobaya chala, zotsatira zimatuluka pasanathe theka la ola, akapezeka mumalandira LA wa masiku atatu. Vuto la zipatala za boma ndi mankhwala. Amadalira nkhokwe ya Central Medical Stores, ndipo katundu akachedwa mumangolemberedwa dzina la mankhwala kuti mukagule ku famase.

Queens, yomwe inatsegulidwa mu 1958, ndiyo ili ndi madokotala odziwa za opaleshoni, mafupa, maso ndi matenda a ana, komanso ndi komwe amaphunzirira ophunzira a yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS. Koma imafuna kalata yochokera ku chipatala chaching'ono. Kupita ndi chimfine opanda kalata n'kutaya tsiku, mwina kubwezedwa kumene. Ngozi ya pamsewu, mwana wokomoka, mayi woyembekezera amene akutaya magazi, amenewo musadikire kalata. Mukagonekedwa konzani wokudikirirani, ndi ndowa, zofunda ndi chakudya chowonjezera.

Zipatala za mishoni zomwe zili pansi pa CHAM, bungwe la zipatala za mipingo, monga Mlambe ku Lunzu, zimalipiritsa koma mitengo yake ndi yotsikirapo. Zina zili ndi mgwirizano ndi boma woti amayi oyembekezera ndi ana aang'ono azithandizidwa ulere. Funsani pa kauntala musanatulutse ndalama, chifukwa mgwirizanowu suli paliponse.

Ku zipatala zolipira monga Mwaiwathu kapena Adventist mumagula nthawi: mzere waufupi, kuyeza magazi tsiku lomwelo. Ngati muli pa inshulansi ya zaumoyo ya MASM, n'kwabwino. Wolipira za m'thumba adziwe kuti kuonana ndi dokotala, kuyeza, bedi ndi mankhwala zimawerengedwa chilichonse pachokha, ndipo kugonekedwa masiku angapo kukhoza kudya malipiro a mwezi. Makiliniki ang'onoang'ono a m'makwalala samalani nawo. Ambiri nthenda ikakula amakutumizani ku Queens komweko, ndalama zitatha kale.