Ma bond originator a ku South Africa: pomwe amathandiza ndi pomwe amakusiyani nokha mukamachoka pa lendi

Munthu akakhala pa lendi zaka zambiri ku Johannesburg n'kumaona mafulati akutha miyezi osagulidwa, eni ake akutsitsa mitengo, mtima umayamba kuwerengera zogula yakeyake. Ambiri amakumana ndi bond originator (munthu wothandiza kupempha ngongole ya nyumba ku mabanki) mochedwa, ejenti wogulitsa nyumba atawapatsa nambala yake iwo atasaina kale pepala logulira. Ntchito ya anthu amenewa ndi yothandiza ndithu, makamaka kwa wobwera yemwe akukhala ndi pemiti, koma amafunika kuwapeza musanayambe n'komwe kuyendera nyumba.

Makampani odziwika ndi ooba, BetterBond ndi MortgageMax. Mumapereka mapepala anu kamodzi, iwo n'kuwatumiza nthawi imodzi ku mabanki angapo: Standard Bank, Absa, FNB, Nedbank. Inu simulipira kanthu. Banki yomwe yakubwereketsani ndiyo imawapatsa komishoni, bondi (ngongole ya nyumbayo) ikalembetsedwa ku Deeds Office, ofesi ya boma yolembetsa umwini wa nyumba. Zimenezi muzizikumbukira, chifukwa iwo amadya pokhapokha malonda atheka, kaya nyumbayo ndi yabwino kaya ili ndi mavuto.

Phindu lawo lenileni lili pa chiwongoladzanja. Ngongole ya nyumba kuno imayendera prime (chiwongoladzanja choyambira cha mabanki), yomwe imakwera kapena kutsika Reserve Bank, banki yaikulu ya dziko, ikasintha repo (chiwongoladzanja chomwe imabwereketsera mabanki). Mu July 2020 prime inatsika kufika pa 7%, anthu anagula nyumba mwaunyinji. Kuyambira November 2021 inayamba kukwera mpaka inafika pa 11.75% mu May 2023, ndipo inadzayamba kutsikanso mu September 2024. Ngongole ya R900,000 ya zaka 20 imafuna pafupifupi R6,980 pamwezi pa 7%, koma R9,750 pa 11.75%. Apa mpamene msika unafookera: ogula anachepa, ena omwe anagula nthawi yotchipa anayamba kugulitsa mokakamizika. Ku Johannesburg kunawonjezekera anthu osamukira ku Western Cape, mafulati omangidwa mochuluka mbali za Midrand ndi Fourways, komanso mavuto a madzi ndi magetsi.

Ogula akachepa, mabanki amalimbirana kasitomala wa mbiri yabwino, ndipo originator wodziwa ntchito amatenga yankho la banki ina n'kukaionetsa inzake kuti itsitse. Theka chabe la peresenti, kuchoka pa 11.75% kufika pa 11.25%, limachotsa pafupifupi R310 pamwezi pa ngongole ija, zomwe pa zaka 20 zimapitirira R74,000. Nokha simungayende mabanki anayi n'kubwereranso kachiwiri mkati mwa masiku omwe pepala logulira limakupatsani. Komabe musamangomva za pafoni zoti "banki yakuti ndiye yavomera bwino". Pemphani mayankho a mabanki onse olembedwa, muone nokha ndalama zomwe avomera, chiwongoladzanja ndi dipoziti yomwe akufuna, kenako muwauze abwererenso. Banki yomwe mumalandirirako malipiro si nthawi zonse imakupatsani zabwino koposa.

Gawo lina lomwe amaligwira bwino ndi kukuyezani musanasankhe nyumba. Amafuna pasipoti ndi pemiti kapena ID, mapepala a malipiro ndi masitetimenti a ku banki a miyezi itatu. Wodzilemba ntchito yekha amafunsidwa masitetimenti a miyezi isanu ndi umodzi ndi mabuku a bizinesi. Amakoka mbiri yanu ya ngongole ku mabungwe monga TransUnion ndi Experian, n'kukuuzani malire anu. Mabanki kawirikawiri safuna kuti bondi idye zopitirira 30% ya malipiro anu msonkho usanachotsedwe, ndiye kuti R9,750 pamwezi imafuna munthu kapena banja lolandira cha m'ma R32,500.

Apa anzathu ambiri amagwa pa zinthu zazing'ono. Wolandira ndalama pamanja osaziika ku banki, kwa banki ndi munthu wopanda malipiro, ngakhale atalipira lendi zaka khumi osaphonya. Debit order (ndalama yodulidwa yokha mu akaunti mwezi ndi mwezi) imodzi yobwezedwa chifukwa mu akaunti munalibe ndalama imaoneka poyera pa sitetimenti. Ndalama zotumiza kumudzi mwezi ndi mwezi kudzera ku Mukuru kapena Hello Paisa nazo zimaoneka, ndipo zimawerengedwa ngati zotuluka, choncho musazibise podzaza fomu. Originator wabwino amakuuzani mosapsatira kuti dikirani miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi, mutseke kaye akaunti ya zovala ndi ngongole ya foni. Wongothamangira komishoni amatumiza mapepala choncho, mabanki onse n'kukana. Satifiketi yomwe amakupatsani akakuyezani si lonjezo la banki, koma imam'limbitsa mtima wogulitsa yemwe wagwiritsidwapo mwala ndi ogula okanidwa ngongole, ndipo imakupatsani mphamvu yonenerera mtengo.

Nkhani ya pemiti ndiyo imasiyanitsa originator wodziwa ndi wongoyesa. Wokhala ndi permanent residence (chilolezo chokhala m'dzikomo mpaka kalekale) amatengedwa ngati nzika, akhoza kupeza ngakhale ngongole ya mtengo wonse wa nyumba, ndipo ngati akugula koyamba komanso banja lake limalandira pakati pa R3,501 ndi R22,000 pamwezi, akhoza kupempha thandizo la boma la First Home Finance. Wa pemiti ya ntchito amafunsidwa dipoziti yaikulu, banki iliyonse ili ndi muyezo wake, ndipo amayang'ana nthawi yotsala kuti pemitiyo ithe. Wokhala kunja kwa dziko amabwerekedwa theka lokha la mtengo. Mufunseni munthuyo tsiku loyamba kuti ndi mabanki ati omwe akuvomera pemiti ya mtundu wanu ndipo akufuna dipoziti yochuluka bwanji. Akamazengereza kuyankha, pezani wina. Kampani ikhoza kukhala yomweyo, koma amene akugwira faelo yanu ndiye amapanga kusiyana.

Tsopano pomwe amakusiyani. Offer to purchase (pepala logulira lija) mukaisaina, wogulitsa n'kusainanso, ndi pangano lomanga. Mwayi wosintha maganizo mkati mwa masiku asanu umakhudza nyumba za R250,000 kutsika m'munsi basi. Chomwe chimakutetezani ndi ndime yonena kuti malonda adalira banki kuvomera ngongole yakuti pofika tsiku lakuti. Mapepala ambiri a maejenti amati ndimeyo yakwaniritsidwa banki ikangotulutsa chivomerezo, ngakhale itaika chiwongoladzanja chokwera moti simungachikwanitse. Originator amauona mgwirizanowo mutasaina kale. Lembetsani m'ndimemo chiwongoladzanja chomwe simungapitirire, ndipo pemphani masiku okwanira, monga 21 kapena 30. Msika ukafooka wogulitsa amavomera zotere, zomwe sakanazimva n'komwe mu 2021.

Banki imatumiza munthu wake kukayeza mtengo wa nyumbayo, ndipo imabwereketsa potengera chochepa pakati pa mtengo wanu ndi wa woyezayo. Mwagwirizana R900,000, woyeza akuti R820,000: R80,000 yotsalayo ndi ya m'thumba mwanu. Originator nthawi zambiri amati tiyese banki ina, mwina woyeza wawo avomera. Ife timaona kuti apa mpofunika kuima kaye. Mitengo ikamatsika, woyeza akhoza kukhala kuti akunena zoona, ndipo yankho lakelo ndi chida chobwerera nacho kwa wogulitsa kuti atsitse. Pemphani kwa ejenti lipoti la kampani ya Lightstone la mitengo yomwe nyumba za mu kompuleksi yomweyo zinagulitsidwira posachedwa. Mitengo ya pa zotsatsa ndi zokhumba za eni ake.

Fulati yotchipa modabwitsa kawirikawiri imakhala ndi chifukwa chake, ndipo chifukwacho chimapezeka m'mabuku a body corporate (bungwe la eni mafulati loyendetsa kompuleksi), omwe originator sangakuwerengereni. Funsani lipoti la zachuma la chaka chatha lounikidwa ndi ma auditor, maminitsi a msonkhano wapachaka, kuchuluka kwa ma levy (ndalama zapamwezi zosamalira kompuleksi) omwe eni mafulati sanalipire, ndi ngongole ya kompuleksi ku khonsolo. Kuyambira October 2016 lamulo limafuna kuti kompuleksi iliyonse ikhale ndi thumba la ndalama zosungira ndi dongosolo la zaka khumi lokonzera nyumba. Thumbalo likakhala lopanda kanthu, denga likudontha, lifiti yafa, dziwani kuti special levy (levy yapadera yoonjezera) ikubwera, ndipo lembani m'pangano kuti yomwe yavomerezedwa kale alipira ndani. Mabanki ena amakaniratu kubwereketsa mu kompuleksi yosokonekera mabuku. Akakana onse pa chifukwa chimenechi, musakakamire: amene adzafune kukugulani mtsogolo adzakanidwanso chimodzimodzi.

Woyeza wa banki sayang'ana zowonongeka. Nyumba zambiri zimagulitsidwa voetstoots, momwe ziliri, ngakhale kuti kuyambira February 2022 ejenti amayenera kukupatsani fomu yomwe mwini nyumba walembapo zolakwika zomwe akuzidziwa. Pitani masana. Tsegulani kabati ya pansi pa sinki, mugwire thabwa la pansi ngati lafufuma. Khoma limodzi lokha lopakidwa penti watsopano kuchokera pansi kufika m'mawondo likubisa chinyontho. Funsani zaka za giza (thanki yotenthetsera madzi), tsegulani mipope iwiri nthawi imodzi muone mphamvu ya madzi. Nyumba yoima payokha ndi bwino kulipira katswiri akwere kudenga.

Kakyuleta ya pa webusaiti ya ma originator imaonetsa bondi yokha, ndiye wochoka pa lendi amaiyerekeza ndi lendi yake n'kuona ngati wapeza mwayi. Onjezanipo levy, msonkho wa khonsolo, R69 ya banki pamwezi ndi zokonzakonza zomwe kale ankalipira landilodi. Palinso zolipira poyamba. Kuyambira April 2025 nyumba yosapitirira R1,210,000 ilibe transfer duty (msonkho wa boma wosinthira umwini), koma maloya awiri, wosintha umwini ndi wolembetsa bondi, onse amalipidwa ndi wogula, kuphatikiza R6,037.50 yotsegulira ngongole ku banki. Pa nyumba ya R900,000 musadabwe zonsezi zikapitirira R50,000. Mabanki ena amabwereketsa ogula koyamba ndalama zopitirira mtengo wa nyumba kuti alipirire zimenezi, ndipo originator amazitchula mokondwa. Pa msika woti mitengo yaima kapena ikutsika, kutero ndi kuyamba ndi ngongole yoposa nyumbayo. Ngati pemiti ingakanike kuonjezedwa, kapena mukuganiza zobwerera ku Malawi pakatha zaka ziwiri zitatu, mudzagulitsa, kulipira komishoni ya ejenti, n'kutsalabe ndi ngongole ku banki. Wotere bola akhalebe pa lendi, ndipo ameneyu si malangizo omwe mungawamve kwa munthu wodyera pa bondi.

Originator adzakutsatsaninso inshuwalansi. Ya moyo ili ndi ntchito, mabanki ena amaifuna, koma muli ndi ufulu woyerekeza mitengo kwina. Ya nyumba yeniyeniyo, ngati ndi fulati ya mu kompuleksi, imalipidwa kale kudzera mu levy, musailipire kawiri.

Ngongole ikavomerezedwa originator wamaliza, faelo imapita kwa maloya, ndipo apa mpamene wa pa lendi amataya ndalama. Kusintha umwini kumatenga miyezi iwiri kapena itatu, nthawi zina kupitirira, makamaka satifiketi ya khonsolo yotsimikiza kuti wogulitsa alibe ngongole ikachedwa. Musapereke notisi kwa landilodi tsiku lomwe banki yavomera. Dikirani loya akuuzeni kuti masatifiketi onse alipo ndipo mapepala atsala pang'ono kulowa ku Deeds Office. Lamulo loteteza ogula la Consumer Protection Act limalola kuthetsa lizi isanathe popereka notisi ya masiku 20 a ntchito, koma landilodi akhoza kukulipiritsani chindapusa choyenera. Mukalowa m'nyumba yatsopano umwini usanasinthidwe mudzalipira occupational rent (lendi ya kwa wogulitsa), choncho ndalama yake ilembedwe m'pangano kuyambira pachiyambi. Potuluka, yenderani nyumba yakaleyo limodzi ndi landilodi, mujambule zithunzi. Ngati palibe chowonongeka ndipo mulibe ngongole ya lendi, dipoziti yanu iyenera kubwera ndi chiwongoladzanja chake mkati mwa masiku 7. Musaiwerengere pa ndalama za maloya, chifukwa iwo amafuna zawo kale mapepala asanalowe.