Mbande 14, miyezi 34: malalanje anga atatu anabereka mandimu

Sabata yatha bilu ya madzi inabwera ya K38,000, pamene nthawi ya dzinja sitipyola K15,000. Tsiku lomwelo alamu anga a ku Kapiri ananditumizira uthenga pa WhatsApp: "Alamu, mkulu wa nazale munagulako mbande uja ndi wodalirika? Ndikufuna malalanje 20 mvula ikangogwa." Ndinalemba yankho n'kufufuta kawiri konse. Mtima unali udakali pa bilu, ndipo ndikanayankha nthawi yomweyo ndikanamunenera zoipa zokhazokha munthu uja. Ndiye ndati ndifotokoze zonse mmene zayendera.

Timakhala kufupi ndi pa boma kuno ku Mchinji. Mu Disembala 2022 ndinagula mbande 14 zomezanitsa kwa bambo wina amene ali ndi nazale yake m'mbali mwa msewu wa ku Lilongwe: malalanje asanu (Washington Navel atatu, Valencia awiri), manachesi awiri, mango atatu (Tommy Atkins awiri ndi Kent mmodzi), mapeyala awiri (Hass ndi Fuerte), komanso maapozi awiri. Mbande iliyonse inali K2,500, kupatula maapozi amene anali K5,000 umodzi. Zonse zinakwana K40,000. Ndinawonjezera K5,000 kuti mnyamata wake abwere adzandidzalire, poti ndinkaopa kuwononga ndekha.

Mango sanandivutitse. Maluwa a chaka choyamba ndinathothola monga mwini nazale anandiuzira, kuti mtengo uyambe wakhwima, ndipo chaka chatha Tommy Atkins mmodzi anatipatsa mango 30, ofiira, opanda ulusi wambiri ngati maboloma. Manachesi ayamba kubereka chaka chino, ochepa koma otsekemera, sasiyana kwenikweni ndi a ku Mwanza. Fuerte wafika padenga la khitchini. Hass anafa mu Marichi 2023 pamene madzi anadikha m'dzenje lake, ndipo chiswe chinamalizitsa. Peyala safuna mizu yake ikhale m'madzi, ndipo malo aja ndinasankha ndine, choncho apo sindiloza munthu chala.

Nkhani ili pa malalanje.

Chaka choyamba onse asanu ankakula mwapang'onopang'ono. Kenako, itatha ng'amba ya mu Febuluwale 2024 ija, atatu anangoti phuu, kutulutsa mphukira zonenepa kuchokera pansi penipeni. Pa miyezi inayi zinali zitandipitirira msinkhu. Masamba akuluakulu, obiriwira bwino, minga yaitali ngati singano. Ndinasangalala kwambiri, moti alendo akabwera ndinkayamba kuwaonetsa mitengo itatu imeneyi. Awiri enawo ndinkawaona ngati okwinimbira. Pa mtengo umodzi panali kanthambi kakang'ono kopindika, kopanda minga, kamene sikankakula. Ndinakadula ndi mpeni kuti kasamadye chakudya cha zinzake. Mpaka lero ndikakumbukira dzanja langa likudula kanthambi kameneko, mumtima mumandiwawa, chifukwa ndiko kanali lalanje.

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mu Meyi chaka chino umodzi mwa mitengo ija unakhwimitsa zipatso zisanu ndi ziwiri. Khungu lokhakhala, la zitupsya, lokhuthala. Washington Navel amakhala ndi mchombo kunsi ndipo alibe nthangala. Izi zinali ndi kansonga, m'kati nthangala mbwee. Mwana wanga wamng'ono analuma kachidutswa, nkhope yonse n'kukwinyika: "Amayi, ndimu ili!"

Amene anandimasulira ndi agogo ena oyandikana nafe, amene anagwirapo ntchito m'munda wa zipatso ali mnyamata. Anathyola tsamba, n'kulifikisa m'manja, n'kundinunkhitsa. Fungo la ndimu lenileni. Kenako anagwada n'kuyamba kufukula patsinde ndi zala. Atakumba ngati zala zinayi kuya, tinapeza chipsera cha pomezanitsira, chokwiririka m'dothi, pulasitiki yomangira ikadali pompo italowa m'khungwa. "Mwana wanga," anatero, "mtengo uwu ndi anthu awiri. Wapansi ndi ndimu, wapamwamba ndiye lalanje. Ukamusiya wapansi atulutse mutu, wapamwamba amafa ndi njala."

Zoona, a nazale amamezanitsa lalanje pa ndimu la khungu lokhakhala, limene amati rough lemon, chifukwa mizu yake ndi yamphamvu, imapirira chilala ndipo imakula bwino ngakhale m'dothi la mchenga. Palibe cholakwika pamenepo. Koma pomezanitsira payenera kukhala pamwamba pa dothi, pooneka, pulasitiki ichotsedwe bala likapola, ndipo mphukira iliyonse yotuluka m'munsi mwake ithotholedwe idakali yanthete. Mawu atatu okhawa, palibe anandiuza. Ndipo amene anakwirira mbande zanga mpaka m'khosi ndi mnyamata wa mwini nazale yemweyo, amene ndinamulipira kuti ndipewe zolakwika.

Vutoli silinathere pa mitengo itatu ija. Pa malalanje awiri otsala ndi pa manachesi, mphukira za ndimu zimabwerabe. Ndikathothola lero, pakapita masabata awiri zatulukanso, makamaka ndikathira manyowa kapena feteleza. Tsopano Loweruka lililonse m'mawa, ndisanachape, ndimazungulira mitengo yonse n'kumapukuta patsinde ndi chala chachikulu.

Ndinamuimbira foni mkulu wa nazale uja mu Juni. Poyamba anati mwina mbuzi zinadya kumwamba. Ndinamuuza kuti pakhomo panga pali mpanda wa njerwa. Anati abwera Lachiwiri. Lachiwiri linadutsa, linanso linadutsa, foni n'kuyamba kungoitana. Ndinanyamula mandimu awiri m'chikwama, n'kukwera kabaza mpaka ku nazale kwake, ndipo ndinawaika patebulo pamaso pa anthu ena amene ankasankha mbande. Sindinakweze mawu. Ndinangoti, "Achimwene, malalanje anu aja ndi awa." Anawatembenuza m'manja kwa kanthawi. "Pepani madamu, mnyamata uja ndinamuchotsa kalekale, anandiwonongera kwa anthu ambiri." Ndalama anakana kubweza. Anati mbande pano akugulitsa K7,000 chigwereni kwacha mu Novembala 2023, pamene inatsitsidwa ndi 44 peresenti, ndipo machubu ndi pulasitiki zonse zinakwera. Koma analonjeza kuti kukayamba kufunda, khungwa likamasupuka mosavuta, adzabwera yekha kudzamezanitsanso pa mitengo yomweyo.

Sindinamukhulupirire, koma mu Seputembala anabweradi. Anapempha K6,000 ya mafuta a njinga yamoto, ndipo ndinapereka ndikung'ung'udza. Ntchito yake koma ndinaiona ndi maso: anacheka khungwa la ndimu ngati chilembo T, n'kulowetsamo diso (kakhungwa kokhala ndi potulukira mphukira) la Washington Navel, n'kumanga mwaluso, kasanu pa mitengo iwiri. Maso atatu agwira, ndipo pano atulutsa timasamba. Anati popeza mizu ndi yaikulu kale, sadzachedwa ngati mbande yatsopano. Mtengo wachitatu ndausiya ukhale ndimu. Nthawi yozizira ija, ana atadwala chimfine, mandimu omwewo ndi amene tinkafinyira mu tiyi.

Chimene chimandibweza mtima ndikafuna kumukwiyira kotheratu ndi maapozi. Abambo akunyumba anandiseka pogula, amvekere maapozi ndi a ku South Africa, kuno angathe bwanji. Mkulu uja ndiye anandikakamiza kuti ndisatenge umodzi, nditenge Anna ndi Dorsett Golden pamodzi, chifukwa Anna amabereka bwino pakakhala mnzake wosinthana naye mungu. Mitundu iwiriyi sifuna chisanu chambiri: Anna anachokera ku Israel, Dorsett Golden ku Bahamas, ndiye kuzizira kwathu kwa mu Juni ndi Julayi kumaikwanira. Anandiphunzitsanso kukhotetsa nthambi kuti zigone chopingasa, kuzimangirira ku zikhomo, ndi kupulula masamba onse kumapeto kwa Julayi. Tsiku limene ndinapulula koyamba, mitengo inatsala mbulanda ngati youma, ndipo usiku sindinagone bwino. Patapita masabata atatu kapena anayi, maluwa oyera osakanikira kufiirira anati mbuu nthambi zonse, njuchi zili ng'waa. Mu Disembala 2024 tinathyola maapozi 23. Ena mbalame zinatiyambirira, ndipo si aakulu ngati a m'sitolo, komanso Anna akapsa sachedwa kufewa, amafuna kudya sabata yomweyo. Koma apongozi anga anatenga limodzi kukaonetsa anzawo ku tchalitchi, osalidya. Chaka chino zipatso zamangika zochuluka moti ndachita kupatulira. Munthu yemweyo amene anandifotokozera za maapozi mwatsatanetsatane chonchi ndi amene sananene kanthu za mphukira za ndimu. Ndimalephera kuzigwirizanitsa.

Pa ndalama, sindinabweze. Mu Okutobala muno mtengo uliwonse umafuna ndowa ziwiri za malita 20 kawiri pa sabata, ndiye mitengo 13 imamwa malita opitirira 1,000 sabata iliyonse. Kuphimbira patsinde ndi makoko a mtedza ndi udzu kwathandiza, ndipo madzi otsukuluzira mbale sititayanso. Komabe ndikawerengera madzi, manyowa ndi feteleza zimene ndinathira pa mandimu atatu aja kwa zaka ziwiri ndi theka, K7,500 imene ndinagulira mbandezo ndi yochepa zedi. Chimene chimandipweteka ndi nthawi, chifukwa Valencia awiri amene ndinkawanyoza aja anatipatsa malalanje oyamba mu Ogasiti, ndipo enawo bwenzi akubereka nawo limodzi.

Alamu ndawayankha dzulo. Ndawauza kuti mbande za mkuluyo ndi zenizeni, mitundu sanama, koma asagule 20 nthawi imodzi. Ayambe ndi 8, asankhe okha zimene chipsera chake chapola bwino, adzale okha osatuma mnyamata wa wina aliyense, ndipo pomezanitsira pakhale chikhatho chathunthu pamwamba pa dothi. Akagule nane limodzi, chifukwa mkulu uja anandilonjeza Hass wina m'malo mwa K6,000 ya mafuta ija, ndipo ndikufuna ndikamutenge ndekha mvula yoyamba ikangonyowetsa nthaka.