Ransomware ikatseka mafayilo: kulipira dipo, "katswiri", decryptor yaulere kapena kungofomata?

Chigwidwire laputopu yanga ndi ransomware, vayirasi yotseka mafayilo n'kumafuna dipo kuti atsegulidwe, anzanga sakundipumitsa pa WhatsApp, aliyense amene waona mafayilo ake sakutseguka akuthamangira kwa ine ngati ndinaphunzira za zimenezi, pamene ndinangolumidwa basi. Ndiye ndati ndilembe kamodzi, wina akafunsanso ndizingomuponyera izi.

Kwa amene simunaione, mumayatsa kompyuta, zithunzi ndi ma document zonse zilipo koma palibe chikutseguka, kumapeto kwa dzina lililonse kwawonjezeka timalemba tinayi tachilendo, ndiye penapake mupeza kafayilo kotchedwa _readme.txt kokuuzani molipirira. Yanga inali ya mtundu wa STOP/Djvu ndipo ndisaname, ndinaiitana ndekha. Ndinkafuna pulogalamu yodulira mavidiyo osalipira, ndinadawunilodi crack, kapulogalamu kothyola loko wa pulogalamu yolipira, Windows Defender inakuwa, ine n'kuithimitsa ndikumati iyinso imangodandaula zilizonse. Ena imawalowera ndi attachment ya pa imelo yonamizira invoice, ena pa Remote Desktop (njira yolowera m'kompyuta muli kutali) ya pasiwedi yofooka, pomwe ransomware ya WannaCry ya mu May 2017, yomwe inasokoneza zipatala za NHS ku UK, inkadzilowera yokha m'makompyuta osaikidwa update yomwe Microsoft inali itatulutsa kale mu March. Koma Djvu yambiri imadzera m'ma crack ndi ma keygen (timapulogalamu topanga ma layisensi abodza), tizivomereza.

Chomwe ambiri amasokoneza n'choti kuchotsa vayirasi ndi kubweza mafayilo ndi ntchito ziwiri zosiyana. Kuchotsako n'kophweka: thimitsani intaneti, zulani fulashi ndi hard drive iliyonse, lowani mu Safe Mode, sikanani ndi Malwarebytes kapena Microsoft Defender Offline, zatha. Musinthenso mapasiwedi onse pogwiritsa ntchito foni kapena kompyuta ina, chifukwa Djvu imakonda kubwera ndi kamnzake koba mapasiwedi. Koma vayirasi ikachoka mafayilo amakhalabe otsekedwa, kiyi yowatsegulira ili kwa eni vayirasiyo. Mkangano wonse uli pamenepo.

Kulipira dipo sindichedwapo. Kalata yawo ya _readme.txt ija inkati $980, mukawalembera pasanathe maola 72 akuchotserani theka ikhale $490, kulipira kwake pa Bitcoin, kopanda risiti kopanda kokadandaula. Ena amapatsidwadi kiyi, ena amangoti zii. Amene analipira ransomware ina ya NotPetya mu June 2017 sanapezepo kanthu, imelo ya akubawo inatsekedwa tsiku lomwelo komanso vayirasiyo sinapangidwe kuti mafayilo adzabwerere. Ine ayi.

Tsopano awa odzitcha akatswiri a data recovery, apa ndiye mundilole ndilankhule, chifukwa mpaka pano ndikakumbuka mtima umawawa. Ndinapeza wina pa intaneti, webusaiti yooneka bwino, mawu okoma, akuti amatsegula ransomware yamtundu uliwonse. Poyamba anati ndilipire kaye ya kuyeza, yosabwezedwa. Ndinalipira, munthu ukapanikizika suganiza. Kenako anandiuza kuti ndimutumizire ka _readme.txt kaja ndi fayilo imodzi yaing'ono, mawa lake chithunzi chija n'kubwera chitatseguka bwinobwino. Abale, ndinavina m'chipinda ndekha. Ndiye anatchula mtengo wa ntchito yonse, woposa ngakhale dipo la akuba aja, ati chifukwa makina ake agwira usiku ndi usana.

Usiku umenewo tulo sitinabwere, ndinatsegulanso kalata ya akubayo n'kuiwerenga modekha koyamba, ndipo pakati pake palembedwa poyera kuti amatsegula fayilo imodzi ulere ngati umboni. Pansi pake pali personal ID yanga, yomwe mkulu uja anali nayo tsopano. Ndiye kuti bamboyo analibe makina alionse, anangolembera akuba omwewo m'malo mwanga, n'kutenga umboni waulere uja kundigulitsa ine, ndipo ndikanalipira akanapereka dipo kwinako n'kuika m'thumba. Nditamufunsa kuti kodi kiyi mukuitenga kuti, anayamba zoti ndi chinsinsi cha kampani, kenako osayankhanso. Ya kuyeza ija inapita choncho. Sindikuti onse ndi akathyali, alipo odziwadi ntchito makamaka hard drive ikawonongeka, koma encryption yamakono ilibe woithyola ndi luntha lake, ngati kiyi palibe ndiye palibe. Wina akakulonjezani zonse asanaone n'komwe mtundu wa ransomware yanu, mufunseni funso langa lomwelo muone mmene achitire chibwibwi. Bola wakuba amakuuza yekha kuti ndine wakuba.

Decryptor yaulere, pulogalamu yotsegula mafayilo otsekedwa, ndi kumene ndikanayambira ndikanadziwa. Pali webusaiti ya No More Ransom, yomwe inayamba mu 2016 ndi Europol, apolisi a ku Netherlands, Kaspersky ndi McAfee, mumaikapo fayilo yotsekedwa ndi kalata ija pa tsamba lake la Crypto Sheriff ndipo imakuuzani ngati mankhwala alipo. Webusaiti ya ID Ransomware nayo imathandiza kudziwa mtundu. Decryptor ya Djvu anapanga ndi a kampani ya Emsisoft, koma ili ndi malire ake: ngati vayirasi inalephera kulumikizana ndi seva yake pomwe imatseka mafayilo, imagwiritsa ntchito offline key yomwe ndi imodzi kwa anthu ambiri, ID yake nthawi zambiri imathera ndi t1, ndipo pamenepo mwayi ulipo kiyiyo ikapezeka. Ikakhala online key, aliyense yakeyake. Yanga inali online, pulogalamu inandiuza mosabisa m'masekondi ochepa kuti sizingatheke, zomwe mkulu uja ankadziwa koma anandidyerapo. Chenjerani pokha potenga decryptor, tengani pa webusaiti ya eni ake, chifukwa mu 2020 kunatuluka yabodza yonamizira kutsegula Djvu, anthu n'kuiika, iyo n'kutsekanso mafayilo otsekedwa kale kachiwiri.

System Restore ndi shadow copies (makope akale amene Windows imasunga yokha) yesani, sizidya ndalama, koma ransomware zambiri zimayamba kufufuta zimenezo.

Chomwe chinandipulumutsa pang'ono ndi backup, ngakhale aponso ndinapusa. Hard drive yanga yosungirako zinthu inali yolumikizidwa ku laputopu nthawi zonse, ndiye vayirasi inangoiona ngati foda ina n'kuitseka limodzi. Cloud nayo musaidalire mwachimbulimbuli, sync imatumiza chilichonse ngakhale zotsekedwazo. Ubwino wake ndi woti imasunga zakale. Pa Google Drive zofufutidwa zimakhala mu Trash masiku 30, ndipo ma document anga a ntchito ndinawatola mmenemo limodzilimodzi mpaka m'bandakucha. OneDrive, kwa olipira Microsoft 365, imalola kubweza zonse nthawi imodzi kufika tsiku lomwe mwasankha m'masiku 30 apitawo, pamenepa yokha ndinaisirira. Pakati pa hard drive ndi cloud, hard drive imapambana pokhapokha ngati mukaikopera mumaizula n'kuiika m'dirowa, apo ayi cloud ili patsogolo.

Ndiye amene mumandifunsa kuti nditani, ine ndondomeko yanga ndi iyi basi, chotsani vayirasi, dziwani mtundu wake, yesani decryptor yaulere, ikakana koperani mafayilo otsekedwawo pamodzi ndi kalata ija pa hard drive yapadera, fomatani kompyuta muike Windows yatsopano n'kubweza zomwe zili pa backup. Akatswiri a pa intaneti aja ndawaika pansi penipeni, pansi ngakhale pa kulipira dipo, mwina ndi mkwiyo chabe koma ndi mmene ndikuonera.

Otsekedwawo musataye ayi. Eni ake a ransomware ina ya TeslaCrypt anatulutsa okha master key, kiyi yotsegulira onse, mu 2016 atasiya ntchitoyo, anthu amene anasunga mafayilo awo anatsegula ulere. Zithunzi za mwana wanga ali wakhanda sizinali pa cloud, zili pa hard drive ija m'dirowa ndi timalemba tinayi tija kumapeto, ndipo pakapita miyezi ingapo ndimaitulutsa n'kuyesanso decryptor ija, mpaka pano ikukanabe.