Injini ikutentha pa maulendo oyesera: kutseka ma baffle kapena kukulitsa potulukira mpweya?

Ndege yomanga wekha ikamauluka koyamba injini yatsopano imatentha kwambiri chifukwa ma ring a mapisitoni sanakhazikike m'masilinda. Pa injini za ndege za Lycoming malire a CHT (kutentha kwa mutu wa silinda) ndi 500°F koma ambiri safuna CHT idutse 400°F.

Njira yoyamba ndi kutseka mipata ya ma baffle (timalata tozungulira injini totsogolera mpweya, tokhala ndi labala m'mphepete) kuti mpweya wonse udutse m'zipsepse za masilinda. Yachiwiri ndi kudula cowling (chivundikiro cha injini) pansi kuti mpweya wotentha utuluke mwachangu.

Mtengo: ma baffle amangofuna labala ndi silikoni yopirira kutentha. Cowling ikufuna fiberglass, penti komanso nthawi.
Liwiro: kutseka mipata sikuchotsa kanthu, kukulitsa bowo kumawonjezera drag (mphamvu ya mpweya yokokera ndege m'mbuyo) ndipo ndege imachepa liwiro.
Kubweza: silikoni mumangomatula, koma cowling mukadula mwadula basi.

Ine ndimati yambani ndi ma baffle, ikani tochi mkati mwa cowling kuli mdima, paliponse kuwala kukutulukira ndi pomwe mpweya ukuthawira, ndipo labala yopindikira kunja yokha imatha kutenthetsa silinda yakumbuyo. Kudula kukuyenera amene watseka zonse, akukwera ndi liwiro lokwanira, mafuta ali rich (ochuluka poyerekeza ndi mpweya wolowa m'masilinda), koma masilinda onse akutenthabe.